A Namakhwa ndi Muvi wa Petulo

A Layisoni Namakhwa tinawaika m'manda nandolo atauma m'minda, kuno kwa Mpama, ndipo bokosi lawo linapita pamapewa a anthu. Galimoto yawo, imene inanyamula maliro ambiri a mudzi uno, inatsala m'chisakasa chifukwa panalibe wina wodziwa kuiliza. Ine ndi iwo tinali akamwini pamudzi umodzi. Iwo anakwatira amake Rute, ine ndinakwatira mng'ono wawo wa amake Rute. Ndinkawatchula achimwene ngakhale magazi athu sanakumane paliponse.

Galimotoyo inali pikapu yakale kwambiri, yotuwa ngati phulusa, yopangidwa dziko lino lisanalandire ufulu. Anawasiyira ndi mmwenye wina wa ku Limbe amene anamugwirira ntchito zaka zambiri, kuyendetsa ndi kukonza komwe. Anaitcha Apongozi. Ankati dzinali n'loyenera chifukwa galimotoyo sinkafuna kukalipiridwa, sinkafuna kufulumizitsidwa, ndipo ikakana chinthu munthu unkangovula chipewa n'kudikira.

Kuseri kwa chiwongolero kunali mageji atatu, timawotchi tagalasi, kalikonse ndi muvi wake. Ina inkanena za petulo, ina za kutentha kwa injini, ina za batire. M'mawa uliwonse, asanalize injini, a Namakhwa ankapotoza kiyi pang'ono chabe n'kukhala phee, manja pamaondo, kudikira kuti mivi idzuke. Ankati munthu sulowa m'nyumba ya eni usanamve moni. Ine ndinaphunzira kuwerenga nditakula kale, kusukulu ya kwacha, koma zilembo ziwiri zoyamba ndinazidziwira pa geji ya petulo, iwo akundilozera ndi chala kuti ichi chikunena kuti thanki yadzaza, ichi chikunena kuti yauma.

Ankakonda kunena kuti geji ndi mthenga chabe. Mthenga akabwera ndi uthenga wolakwika usayambe wamumenya, tsata kaye njira imene wadutsa uone amene wamunamiza. Ankanenanso kuti geji yakufa ili bwino kusiyana ndi geji yabodza, chifukwa yakufa umadziwa kuti yafa.

Mikangano yawo yambiri inkachokera pamenepa. Matipate atabwera, misewu inadzaza maminibasi ndi matola, ndipo oyendetsa ambiri geji ikafa ankangoimenya ndi chibakera, ikapanda kudzuka n'kumatapo chithunzi. Tsiku lina a Namakhwa anakwera minibasi ya ku Limbe. Ataona kuti mivi yonse yagona, anafunsa dalaivala kuti amadziwa bwanji injini ikatentha. Dalaivalayo anati amaonera utsi. A Namakhwa anatsika pa Njuli n'kubwerera wapansi, ndipo nkhaniyi anaifotokoza mpaka ukalamba wawo ngati munthu amene anapulumuka kwa ng'ona.

Ndi amake Rute anakangana sabata yathunthu chifukwa cha ketulo. Muvi wa kutentha unali utagona osadzuka. A Namakhwa anasolola waya wake pa injini n'kuugundanitsa ndi chitsulo, muvi unakwera. Pamenepo anadziwa kuti geji ndi yamoyo, wayanso ndi wabwino, chotsala ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamamangidwa pa injini kuti kazimva kutentha. Anakamasula n'kukaviika m'madzi owira kuti aone ngati kakumvabe. Madziwo anali m'ketulo ya alendo. Tiyi wa pakhomopo ananunkha oyilo mpaka ketuloyo inasanduka yothirira nkhuku madzi, ndipo amake Rute ankauza aliyense wobwera kuti pakhomo pano pali akazi awiri, wamkulu ndi amene ali m'chisakasayo.

Koma chimene ndikufuna kuti chisaiwalike ndi cha a Edesi.

A Edesi anali mkulu wawo wa akazi athu, mwana wa amayi awo aakulu. Anali munthu wathupi, miyendo yotupa, woyenda mokoka. Amuna awo anali atamwalira, ndipo ana awo onse anatha mmodzimmodzi m'zaka zija za matenda, kuwasiyira mdzukulu mmodzi wamkazi, Maliya. Chimene anali nacho ndi dimba la kumtsinje, kumunsi kwa mudzi, dimba labwino losauma ngakhale m'chilimwe. Kabichi ndi tomato wa mmenemo ndiye ankawadyetsa. Filipo, mwana wa malemu mng'ono wawo, analiyang'ana dimbalo kuyambira kale. Malo kuno ndi ochepa, aliyense akudziwa.

Masiku a msika a Namakhwa ankanyamula amayi ndi madengu awo kupita pa Mbulumbuzi. A Edesi sakanatha kukwera kumbuyo, choncho mpando wa kutsogolo, chakuchitseko cha kumanzere, unali wawo. Tsiku lina atangokhala, muvi wa petulo, umene unali pamwamba, unatsetsereka mpaka pansi. A Namakhwa anatsika, anatsegula thanki n'kupisamo kansungwi. Petulo analimo wodzaza. Anapita choncho. Atafika pamsika a Edesi n'kutsika, muvi unakweranso. Mayi amene anakhala pakati anaona, ndipo tsiku la msika lotsatira anthu akumbuyo anasuzumira pagalasi n'kuonanso chimodzimodzi. Masiku ena onse, ponyamula odwala kupita ku Nguludi kapena poyenda ndi ine, muvi sunkavuta.

Nkhani inayenda msanga. Filipo ndiye anaipatsa miyendo. Ndinamumva ndekha akulankhula pa sitolo.

"Ndege zawo za usiku zija kale zinkayendera magazi a ana. Ana atha. Ndiye mukufuna aziyendera chiyani?"

Wina anati, "Komatu a Namakhwa akuti petulo amakhalamo."

Filipo anati, "M'munda mokawidwa mapesi sakhalamo? Amatenga mphamvu yake, madziwo n'kukusiyirani."

Anthu anasiya kugula kabichi wa a Edesi. Kutchalitchi benchi lawo linayamba kukhala ndi malo. Amayi anayamba kunena kuti sakwera galimoto ngati iwo alimo, ndipo a Edesi, osafuna kuwonongera alamu awo ntchito, anasiya okha kupita kumsika. Tomato anapsa n'kuwolera m'dimba. Kenako kunamveka kuti akuluakulu a banja adzakhala pansi kuti a Edesi apite kwawo kwa malemu bambo awo, kumene sankadziwako munthu, dimba litsale m'manja mwa Filipo.

Zimene ine ndinanena masiku amenewo sindizilemba pano. Mbiri ino si yanga.

A Namakhwa anayesa kulankhula kamodzi. Anapita kwa Filipo n'kumuuza kuti vuto lili m'galimoto, ndipo adzalipeza.

"Bambo, ndimakulemekezani," anatero Filipo. "Koma inu pano munabwera ndi bulangete basi. Za mbumba ino zisiyeni kwa eni ake."

Mkamwini sayankha mawu otere. Anavala chipewa n'kubwerera kuchisakasa, ndipo kuyambira tsiku limenelo Apongozi sanapite kumsika. Anayamba kutsata njira ya mthenga.

Anayambira pa fyuzi. Inali yamoyo, komabe anaipala ndi mpeni mpaka kuwala. Anamasula dashibodi n'kufika kuseri kwa mageji, kumene kuli waya wa ethi, umene umalumikiza geji ndi thupi la galimoto. Waya umenewu ukachita dzimbiri mivi imapenga. Anaukwecha, anaumanganso. Anatenga tesita wawo, babu laling'ono la mawaya awiri limene ankayenda nalo m'thumba la malaya, n'kugunda polowera moto pa geji. Babu linayaka. Anatsitsa thanki, ine ndikugwirira, n'kutulutsamo fuloti, kachinthu kamene kamayandama pa petulo n'kumauza geji kuti watsala wochuluka bwanji. Anakagwedeza pakhutu kuti amve ngati kabooka n'kulowa petulo. Kanali kouma. Anakakweza ndi dzanja, muvi unakwera. Anakatsitsa, muvi unatsika. Anafika mpaka ku Limbe kukabwereka geji ina kwa mnzawo wakale amene anali ndi chigoba cha galimoto yofanana. Geji yobwerekayo inanena zomwezo zimene yawo inkanena. Chilichonse chinali bwino, ndipo ndi chimene chinkawasowetsa mtendere.

Sindinawaonepo ataonda ngati masabata amenewo. Waya wochokera kuthanki anautsata ndi zala mpaka pamene umalowa pansi pa mpando, n'kuupezanso pamene ukutulukira, anaukoka mbali zonse ziwiri, unali wolimba. Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala pa mpando wa dalaivala, chitseko chotsegula, akungoyang'ana muvi uli chilili.

"Achimwene," ndinatero, "kapena tingovomereza kuti pali zina zimene sipanala singazimasule."

Anandiyang'ana, n'kubwezera maso pa muvi.

Amake Rute ndiwo anamasula mfundo, ndipo anachita zimenezi mokalipa. Anabwera kudzawaitana kachitatu kuti chakudya chikuzizira.

"Bambo ake Rute, mutha ndi njala pamenepo. Muviwo umagwa akakhalapo achemwali. Inu mukungoyesa galimoto yopanda munthu ngati nyumba ya masiye. Ugwa bwanji?"

A Namakhwa anatembenuka pang'onopang'ono.

"Tabwerani mukhale apa."

"Ine? Mwayamba kundiganizira?"

"Khalani, mayi. Chakuchitseko."

Anakhala. Muvi sunasunthe. Amake Rute anali munthu wochepa ngati bango. A Namakhwa anandituma kuti nditenge thumba la chimanga pakhonde, n'kuliika pamiyendo pawo. Mpando unalira, ndipo muvi unatsetsereka mpaka pansi. Nditachotsa thumba unakwera. Tinabwereza mpaka amake Rute anati miyendo yawo si sikelo.

A Namakhwa anapisa dzanja pansi pa mpando ine nditakhalapo ndi thumba lija, ndipo analitulutsa chala chikutuluka magazi, iwo akumwetulira. Sipuling'i imodzi ya mbali ya kumanzere inali itaduka. Nsonga yake inali itapala chikopa cha waya, malo aang'ono ngati njere ya mapira. Munthu wopepuka akakhala, nsongayo sinkafika. Munthu wolemera akakhala, inkatsika n'kukhudza waya, moto n'kuthawira m'thupi la galimoto, geji n'kulandira uthenga wabodza. Odwala a ku Nguludi anali owonda. Ine ndine wowonda. A Edesi okha ndiwo anali ndi thupi lofikitsa sipuling'i pa waya.

Ndinathamanga kukatenga tepi yokulungira waya.

"Bwezerani," anatero.

"Simukonza?"

"Ndikakonza, Filipo adzati ndapita kwa sing'anga."

Tsiku la msika anaimika Apongozi pa siteji pamene anthu amadikirira, ndipo anatumiza mawu kwa a Edesi kuti abwere ndi madengu awo. Anabwera ndi Maliya, n'kuima chapatali pansi pa mtengo. Filipo analinso pa ulendo. A Namakhwa anamutsegulira chitseko cha kumanzere mwaulemu wonse.

"Lero eni mudzi akhale kutsogolo. Mungondigwirirako thumba ili, kumbuyo kwadzaza."

Filipo anakhala, thumba pamiyendo. A Namakhwa anapotoza kiyi, kenako anaitana amayi kuti abwere pawindo. Muvi unali pansi.

"A Filipo, tanyamukani pang'ono."

Ananyamuka. Muvi unakwera.

"Takhalani."

Unagwa.

Kenako mayi wina, amene anayamba kuiona nkhaniyi tsiku loyamba lija, anafunsa ndi mawu otsika ngati tsono mfiti ndi thumba kapena wogwira thumba. Filipo anafuna kutsika, koma thumba linamupanikiza, ndipo palibe anafulumira kumuthandiza.

Panali Che Amidu, wogulitsa mbuzi, munthu wamkulu thupi amene anali pa ulendo ndi mbuzi ziwiri. Anati naye ayese, wopanda thumba. Atangokhala muvi unagwa.

"Ndiye kuti ine ndi mayi Edesi timaulukira limodzi, eti?" anatero. "Lichero lake ndi liti limene lingatinyamule tonse awiri? Ndionetseni ndigule, ndizinyamulira mbuzi."

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira galimoto. A Namakhwa anatukula mpando n'kuonetsa aliyense wofuna nsonga ya sipuling'i ndi pamene waya unapalika. Sanatchule dimba. Sanatchule mbumba. Ankangolankhula za galimoto yawo, imene palibe akanawaletsa kuilankhulira.

A Edesi sanaseke. A Namakhwa anapita pansi pa mtengo paja, ananyamula dengu limodzi, n'kuwatsogolera mpaka pachitseko.

"Alamu, kwerani. Malo anu ndi awa."

"Muviwo ugwanso, alamu."

"Ugwe. Kansungwi ndili nako."

Akuluakulu a banja sanakhalenso pansi. Palibe ananena kuti nkhani yatha, inangosiya kutchulidwa pagulu. Filipo sanapepese. Ndipo panali ena amene ankanong'onabe kuti sipuling'i siduka yokha, kuti alipo amene anaidula. Ndi chifukwa chake a Namakhwa sanakonze waya uja.

Izi n'zimene anthu amene sanawadziwe sangazimvetse. Munthu amene anatsika minibasi chifukwa cha mivi yogona, amene ankati geji yabodza ndi yoipa kuposa yakufa, anayenda zaka ndi geji yonama, akudziwa pamene pali vuto, tepi ali nayo. Tsiku lililonse la msika a Edesi akakhala, muvi unkagwa, iwo n'kuyang'ana kumsewu. Munthu akayamba kunong'ona za a Edesi, kaya pamaliro kaya pa mowa, a Namakhwa sankatsutsana naye. Ankangomuitana kuti abwere adzaone Apongozi, n'kumukhazika kumanzere ndi thumba. Anakhalapo ambiri pa mpando umenewo, akulu a mpingo, anyamata a mpira, ngakhale amayi amene anabwera mobisa kuti adziyese okha.

Zinawavutitsapo. Tsiku lina pobwera kumsika anaiwala kupisa kansungwi, petulo anathera panjira mvula ikugwa, ndipo amayi onse anafika kwawo atanyowa, madengu pamutu. A Edesi anatsala m'galimoto ndi miyendo yawo ija mpaka a Namakhwa atabwera ndi kagaloni. Amake Rute anawakalipira madzulo ake kuti anthu aona kale, akonze basi. Iwo anati anthu amaona ndi maso koma amaiwala ndi mimba, ndipo dimba likadali pomwepo.

A Edesi anamwalira m'nyumba mwawo momwe, atakalamba, Maliya atakula kale n'kuyamba kulima dimba lija yekha. Apongozi ndiwo anawanyamula kupita kumanda. M'mawa mwake ndinapeza a Namakhwa atatukula mpando. Anapinda nsonga ya sipuling'i ndi pulayala, anakulunga waya ndi tepi, anabwezera mpando. Ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi asanawire. Anandiuza kuti ndikhale kumanzere ndi thumba, n'kupotoza kiyi. Muvi unakwera n'kuima pamalo pake. Anauyang'ana nthawi yaitali, manja pamaondo, ndipo tsiku limenelo injini sanailize.

Zaka zawo zomaliza maso anayamba kuchita chifunga, ndipo anasiya okha kuyendetsa, popanda wowauza. Ankapitabe kuchisakasa m'mawa, kupukuta timagalasi ta mageji ndi nsonga ya malaya, n'kufunsa aliyense wodutsa kuti mivi yaima pati. Akamuuza, ankadziwa ngati munthuyo wayang'anadi kapena wangonena. Anadwala pang'ono chabe. Anakana kuti tifune galimoto ya wina kuwatengera ku Nguludi, anati atopa ndi kugwedezeka.

Apongozi anatengedwa ndi anthu a ku Limbe amene amatolera magalimoto akale. Anabwera ndi lole n'kuwakokera pamwamba ndi chingwe, matayala ataphwa. Amake Rute analowa m'nyumba n'kutseka chitseko kuti asaone.

Chisakasa chikadalipo. Nsanamira imodzi yadyedwa ndi chiswe, denga lapendekera chakum'mawa, ndipo palibe amene wanena kuti tiligwetse. Pakati pali dothi lakuda la oyilo pamene udzu sumera. Mbali zake kuli maenje anayi osaya pamene matayala anakhala zaka zonsezo, ndipo masana nkhuku zimasambamo fumbi. Pamtanda pali misomali yopanda kanthu. Kale munthu ukaima pamenepo sunkaona kumunsi chifukwa galimoto inkatchinga. Tsopano pali poyera mpaka kumtsinje. Dimba la a Edesi limaoneka lonse, mizere ya kabichi yobiriwira pakati pa minda youma, ndipo Maliya amakhala mmenemo ndi khasu, mwana kumbuyo.